Makina oboolera a patebulo: ndigule otani?

Funso: Ndimakhoma mipando ndi mafelemu a zitseko pakhomo ku Senga Bay. Ndikufuna drill press, makina oboolera a patebulo. Ndiyang'ane chiyani? — Mmisiri, Salima

Yankho: Bambo, musakopeke ndi penti. Sankhani a mota ya mawati 500, mavoti 230, ndi chuck (chopanira chake) yogwira bit (kachitsulo koboolera) mpaka mamilimita 16. Tsegulani chivundikiro muone lamba wosinthira liwiro: liwirolo lizitsika mpaka maulendo 500 pa mphindi kapena kucheperapo, chifukwa chitsulo mukachithamangira, bit imapsa n'kubuntha.

Musanalipire, tsitsani chuck mpaka pansi, muigwedeze ndi dzanja. Ikamagwedera, asiyeni makinawo. Mabowo azituluka otambalala. Chinyezi cha kunyanja chimabweretsa dzimbiri msanga, choncho mzati ndi tebulo muzipaka oyilo sabata iliyonse. Chitsulo muzichimanga pa vaisi, osachigwira pamanja, chonde: bit ikakodwa, chimazungulira n'kucheka zala.