Bwana Akakutenga pa Ulendo Kuti Ukamujambulire

Mdzukulu wanga, wandifunsa ngati n'koyenera kuvomera bwana wachuma amene akufuna kukutenga pa ulendo wakunja kuti uzikamujambulira malo okongola, iye n'kumalipira thiransipoti, chakudya ndi pogona. Pita ndithu. Koma khala pansi kaye umve za John Robert Cozens, katswiri wojambula wa ku England.

M'zaka za m'ma 1700, ana a mabwana a ku Britain akakula ankapita ku Italy kukaona Rome, Naples ndi Venice. Makamera kunalibe, choncho ena ankatenga katswiri wojambula kuti adzakhale ndi choonetsa alendo kunyumba. Cozens anayenda choncho kawiri: mu 1776 ndi Richard Payne Knight, ndipo mu 1782 ndi William Beckford, mnyamata amene chuma chake chinkachokera m'minda ya nzimbe ya ku Jamaica yolimidwa ndi akapolo. Pagulu la Beckford panalinso mphunzitsi, dokotala ndi woimba. Onsewo anali antchito, ngakhale ankakwera ngolo zapamwamba.

Panjira Cozens ankangolemba mizere ndi pensulo m'kabuku, kuikapo tsiku ndi dzina la malo. Utoto wamadzi ankaupaka pambuyo, atakhazikika, wotuwa ndi wobiriwira mozimiririka, mpaka phiri lakutali limaoneka ngati lakutidwa ndi nkhungu. Atafika kudera la Naples anadwala malungo, ali kutali ndi abale. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Timabuku take ta ulendowo tinatsala m'manja mwa Beckford ndi mbumba yake, ndipo lero tili ku Whitworth, nyumba yosungira zojambula mumzinda wa Manchester. Chimene chinkamubweretserako ndalama ina n'chakuti malo ngati nyanja ya Albano, pafupi ndi Rome, ankawajambula mobwerezabwereza n'kugulitsa kwa anthu osiyanasiyana. Anamwalira mu 1797 atadwala matenda a maganizo, akusamalidwa ndi Dr Thomas Monro, amene kunyumba kwake anyamata awiri, Turner ndi Girtin, omwe pambuyo pake anadzakhala akatswiri otchuka ojambula, ankakopera zojambula zake madzulo pophunzira luso.

Tsono iwe, musananyamuke, mugwirizane pamaso pa amalume ako: malipiro ndi angati, zithunzi zake ndi zingati, ndipo kodi uli ndi ufulu wojambulanso malo omwewo n'kugulitsa kwina? Ukadwala alipira ndani? Zonsezi zilembedwe, tikiti yobwerera ikhale m'thumba mwako. Ulemu umupatse, usamudule mawu pagulu, koma akakuitana kumowa usiku uziti "zikomo bwana, ndili ndi ntchito yanu mawa."