Basela wa pakauntala amalipiritsa

Achimwene, ndawerenga zimene munalemba zodandaula kuti wogulitsa pa kauntala anakuwonjezerani zinthu zolipiritsa, n'kufunsa ngati kumeneku ndi kuba, koma musadzione ngati wogona chifukwa choti munalowa kukagula nkhuku ndi chipisi basi koma n'kutuluka mutalipira pafupifupi kawiri. Zimenezi zinandionekerapo inenso, ndipo ine zinandichitikira pamaso pa apongozi. Amene akukuyankhani kuti mukanangokana sanaimepo pa kauntala akuluakulu ali kumbuyo kwawo.

Munali mu Disembala 2023, patangotha mwezi umodzi ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, nthawi imene mitengo inkasintha ngati nyengo ya ku Dedza kuno. Tinkachokera ku chinkhoswe cha mlamu wanga ku Ntcheu ndipo tinkabwerera kwathu ku Bembeke. Tinalipo ine, mayi akunyumba, apongozi anga aakazi, amalume awo a mkazi wanga amene ndi eni mbumba, ndi mwana wathu wa zaka 6. M'thumba ndinali ndi K40,000, ndipo ndinali nditaiwerengera bwinobwino: mbale zinayi pa K5,500 iliyonse, mwana adyera limodzi ndi mayi ake, K18,000 yotsalayo ya minibasi. Ndinkafuna kuti akuluakulu aja, amene anandilandira pakhomo pawo ndilibe ngakhale njinga, alaweko kamodzi chakudya cha malo aja oyaka magetsi masana, a m'mbali mwa msewu wa M1.

Mtsikana wa pakauntala anatilandira mwaulemu kwambiri, ndipo ulemu umenewo ndi umene unandigwetsa. Nditangonena kuti mbale zinayi, anandifunsa kuti, "Tiike zazikulu, eti bambo? Kusiyana kwake ndi K1,000 yokha." Ndinayang'ana amalume, amalume anayang'ana kudenga, ndipo ndinavomera, chifukwa mkamwini sanena pamaso pa eni mbumba kuti apatseni yaing'ono. Kenako anafunsa kuti chakumwa chikhale Fanta kapena Coke. Taonani bwino funsolo. Sanafunse ngati tikufuna chakumwa, anangotipatsa njira ziwiri zimene zonse zimathera m'thumba mwanga, ndipo aliyense anatchula chake, mwana yemwe.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chimene chinatsatira. Mtsikanayo anandidumpha ine, n'kuyang'ana apongozi mwachindunji, n'kunena kuti, "Agogo, tikuwonjezereni kasaladi?" Apongozi anga moyo wawo wonse agulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo pa msika wa Lizulu munthu akanena kuti ndikuwonjezereni, amatanthauza basela, tomato awiri kapena atatu oponyera pamwamba kuti mudzabwerenso. Iwo anaomba m'manja pang'onopang'ono, anawerama, n'kuyankha kuti, "Wonjezerani mwana wanga, Mulungu akudalitseni." Ine ndinamva zonsezi ndipo ndinadziwa kuti si basela, koma kodi ndikanatsegula pakamwa bwanji kuwauza apongozi, pamaso pa anthu, kuti chimene athokoza ndi ngongole yanga? Saladi analowa mbale zonse zinayi. Pamenepo n'kuti mwana atakakamira pa galasi pamene pali chithunzi cha ayisikirimu, chimene anachimata dala m'munsi, molingana ndi maso a mwana osati a munthu wamkulu, ndipo mtsikana uja anangoti, "Kamwanaka tisakaiwale."

Makina analira, ndipo anati K38,000. Mbale zinayi K26,000, zakumwa zisanu K6,000, saladi K4,000, ayisikirimu K2,000. Ndinamva thukuta likutsika kumsana ngakhale kunja kunkawaza mvula. Ndinayankhula motsitsa mawu kuti achotseko saladi ndi zakumwa ziwiri, koma anayankha mokweza, mzere wonse ukumva, kuti zalowa kale m'makina ndipo kuchotsa kumafunika amanijala, amene pa nthawiyo akuti anali atatuluka. Kuwonjezera kunkatheka ndi chala chimodzi, koma kuchotsa kunkafunika munthu amene palibe. Kumbuyo kwathu kunali anthu a basi ya ku Blantyre amene anali ndi mphindi zochepa, ndipo bambo wina anayamba kung'ung'udza kuti ngati ndalama palibe tipatuke. Ndinalipira, n'kutsala ndi K2,000.

Chakudyacho sindinachimve kukoma. Ndinkatafuna uku ndikuwerengera mtunda wochokera pa Ntcheu kudutsa pa Mlangeni ndi Lizulu mpaka pokhotera ku Bembeke, ndikudziwa kuti pa foni palibe kanthu. Titafika pokwerera minibasi ndinayamba kunamizira kuimba foni, ndipo apongozi, amene sanandifunse chilichonse, anatembenukira kumbali, anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje chawo, n'kutulutsa ma K2,000 opindapinda, onunkhira utsi, ndalama ya mbatata imene anasungira feteleza wobereketsa. Sanandipatse ine, anapatsira mwana wawo kuti andipatse, monga mwa ulemu wathu. Amalume anangoti, "Zam'tauni zimafuna ozizolowera," ndipo mawu amenewo amawabwereza mpaka lero tikakumana pa maliro.

Ndisabise, mtsikana uja ndinamukalipira ndisanatuluke, ndipo ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano. Koma mkwiyo wanga weniweni uli pa eni malowo. Mwana wa mchemwali wanga anagwirapo ntchito pa malo otere ku Lilongwe, ndipo anandifotokozera kuti mafunso amenewa amachita kuwaphunzitsa ngati ndakatulo ya kusukulu, kuti akapanda kufunsa amadzudzulidwa, ndiponso kuti pakutha pa tsiku amaona amene wagulitsa zowonjezera zambiri. Phindu lalikulu silikhala pa nkhuku, chifukwa nkhuku imadya ndalama kuyambira ku chakudya chake mpaka mafuta okazingira. Limakhala pa chakumwa, pa kabichi wodulidwa wothira mayonezi amene akumutcha saladi, ndi pa chipisi chowonjezeracho. Chopweteka n'chakuti mbatatayo ndi yathu yomwe ya ku Dedza ndi ku Tsangano, imene mavenda amatigula pa ndowa motsika mtengo, kenako dzanja limodzi la chipisi n'kutigulitsa K1,000. Mtengo wa mbale yaing'ono amauika dala pafupi ndi wa yaikulu kuti yaing'onoyo izioneka ngati kutaya ndalama, ndipo pa chikwangwani chithunzi chachikulu chimakhala cha mbale yodula, pamene yotsika mtengo imalembedwa tizilembo ta pansi pa ngodya. Nzeru zimenezi sanaziyambe ndi a kuno. Ku America kampani ya McDonald's inatchuka ndi kufunsa aliyense ngati akufunanso chipisi, ndipo inali ndi muyeso waukulu kwambiri wotchedwa Super Size umene inausiya mu 2004 anthu atadandaula za kunenepa. Athuwa anangotengera, n'kuwonjezerapo chida chimene azungu alibe, chomwe ndi manyazi athu pamaso pa akuluakulu ndi alendo. Amadziwa kuti Mmalawi akhoza kugona ndi njala mawa kusiyana ndi kuoneka womana lero.

Pa funso lanu loti kodi kumeneku ndi kuba, ine ndimati kufunsa kokha si kuba, koma kufunsa osatchula mtengo, makamaka kwa munthu wachikulire amene akuganiza kuti akupatsidwa mwaulere, n'chinyengo ndithu. Lamulo loteteza ogula la 2003 lilipo, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere, ndipo bungwe la CAMA limayankhulira ogula. Ngati lisiti muli nalo ndipo pali zinthu zimene simunavomere, kadandauleni. Ine sindinapite kulikonse, chifukwa zonse zimene zinali pa lisiti langa ndinazivomera ndi pakamwa panga kapena ndi chete wanga.

Malangizo anga ndi akuti musamapite pa kauntala ndi gulu. Akhazikeni kaye akuluakulu ndi ana pa tebulo, kutali, inu mupite nokha mutagwira ndalama yeniyeni imene mwakonza kuwononga, ina yonse ikhale m'thumba lina. Tchulani zimene mukufuna, mumalize ndi mawu akuti basi zokhazo, ndipo funso lililonse limene angafunse muliyankhe ndi funso lakuti ndi zingati, komanso zonse pamodzi zikukwana zingati, asanadinde m'makina. Osamukalipira wogulitsayo monga ndinachitira ine, chifukwa nayenso ndi mwana wa munthu amene akuteteza ntchito yake, ngakhale kunena zoona tsiku lija ndikanapanda kukalipa bwenzi nditadwala nazo.

Komabe ndisakunamizeni kuti muzikana zonse. Mukawerengera bwino, nthawi zina mbale yophatikiza ndi chakumwa imatsikadi mtengo kusiyana ndi kugula chilichonse pachokha, ndipo mbale yaikulu imodzi imakwanira ana awiri, choncho ngati munali kale ndi maganizo ogula chakumwa, tengani yophatikizayo. Ndiponso ngati muli ndi apongozi, musawapatse yaing'ono zivute zitani, kuli bwino inuyo munamizire kuti m'mimba simuli bwino n'kumwa madzi okha. Ine masiku ano ndikakhala ndekha ndimadya pa chiwaya, pamene mnyamata amandiponyera zidutswa zitatu za basela weniweni ndi kabichi waulere pamwamba. Koma mwezi wathawu apongozi anadwala, ndipo pochokera ku chipatala anandiuza kudzera mwa mwana wawo kuti akulakalaka nkhuku ya pa malo paja pamene pali mtsikana waulemu amene anawawonjezera saladi. Mpaka pano palibe amene anawauza kuti saladiyo ndinalipira. Ndinapita nawo, ndinawakhazika pa tebulo la pakona, ndipo pa kauntala ndinaitanitsa ndekha mbale yaikulu ndi saladi yemwe.