Achemwali a ku Chibavi, ku Mulanje mukhoza kupita, koma yambani mwaphunzira kutsika

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi. Akuti amathamanga katatu pa sabata m'mamawa, makilomita 5, kuchoka kwawo kukazungulira ku Mzuzu Stadium n'kubwerera, kungofuna kuti thupi lipepuke komanso tulo tizibwera bwino. Tsopano anzawo a kuntchito akuwanyengerera kuti mu Julayi apite limodzi ku Mulanje kukachita nawo mpikisano wothamanga m'phiri wotchedwa Porters Race. Funso lawo n'lakuti: "Ine si katswiri. Kodi ndingathe, kapena ndikangodzichititsa manyazi?"

Achemwali, mungathe. Koma ndi mathamangidwe amene muli nawo panowa, ayi. Mwayi wake mwandilembera mu Epulo, ndiye tili ndi miyezi itatu yoti tikonze zinthu.

Mudziwe kaye chimene mukukalowa. Mpikisanowu unayamba ngati wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi operekeza anthu m'phiri, kenako unatsegulidwa kwa aliyense. Umayambira pa Likhubula, m'munsi mwa phiri, kukwera kupita ku Chambe, kudutsa pamwamba mpaka ku Lichenya, n'kutsikanso pa Likhubula pomwepo. Ndi makilomita oposa 20, ndipo chikwerere choyambacho chokha ndi mamita pafupifupi 1,000. Pa Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, simukafikapo ayi. Anyamata a kumeneko amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zingapo, chifukwa phirilo ndiye ofesi yawo. Inu ndi ine tiziwerengera maola asanu, mwina kuposa, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Aliyense amaopa chitunda. Inenso ulendo wanga woyamba ndinkaopa chomwecho, moti miyezi iwiri yonse ndinangolimbana ndi kukwera. Ndinafika ku Chambe ndili wefuwefu koma wamphumphu. Chinandithyola ndi mtsetse wochokera ku Lichenya. Nditatsika kwa theka la ola, ntchafu zinayamba kunjenjemera zokha ngati mwana wamalungo. Mwala uliwonse ndikapondapo, bondo linkafuna kupinda ndisanaliuze. Zala zinkagunda kutsogolo kwa nsapato phazi lililonse, ndipo nditavula madzulo ndinapeza zikhadabo ziwiri zitada bii. Chimodzi chinadzachoka patapita milungu itatu. Mtsikana wina wa m'midzi ya kumeneko anandipitirira ali wopanda nsapato, akungodumpha timiyala ngati gwape, mapazi osamveka n'komwe pansi.

Chifukwa chake n'chakuti potsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki. Imakokeka uku ikulimbana ndi kulemera kwa thupi lonse, ndipo imang'ambika pang'onopang'ono mkati. N'chifukwa chake ululu weniweni umabwera mawa lake kapena mkuja, osati tsiku lomwelo. Chabwino chake, minofuyi imaphunzira msanga. Mukaizunza kamodzi ndi mtsetse n'kuipatsa masiku opuma, ulendo wachiwiri ululu umachepa kwambiri. Kuzungulira pa stediyamu sikungakupatseni zimenezi ngakhale mutazungulira chaka chathunthu.

Apa ndiye ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi umene anzathu a ku Lilongwe amausirira. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo zitunda zili pakhomo. Tengani tsiku limodzi mwa atatu anu aja mulipereke ku zitunda za ku Masasa kapena njira za cha ku Kaning'ina. Pokwera, yendani. Ndikunenetsa, yendani, manja pa mawondo, mukudzikankha, mapazi afupiafupi. Pa chikwerere cholimba, woyenda mwamphamvu ndi wothamanga mokakamiza amafika pafupifupi limodzi, koma woyendayo amafika ali ndi mpweya. Ngakhale otsogola ku Mulanje malo ena amayenda. Mukafika pamwamba, tsikani mukuthamanga pang'ono, mapazi ang'onoang'ono ofulumira, mawondo opinda pang'ono, maso pa miyala imene ili patsogolo osati pa zala zanu. Musatsamire kumbuyo n'kumaponda ndi chidendene, pamenepo ndiye poterereka. Katondo wathu uja akanyowa ndi mvumbi amaterera ngati sopo, ndipo ndi mphunzitsi wabwino. Kunkhalango musapite nokha, tengani mmodzi mwa anzanu akukunyengereraniwo.

Loweruka likhale la ulendo wautali, ndipo muziwerenga maola osati makilomita. Yambani ndi ola limodzi ndi theka, muziwonjezera mphindi 15 kapena 20 sabata iliyonse, mpaka chakumapeto kwa Juni muzitha kukhala pa miyendo maola anayi, kuyenda ndi kuthamanga mosakaniza. Mukapeza mpata, kamodzi kokha, pitani ku Chitimba mukakwere msewu wa Gorodi mpaka ku Livingstonia n'kutsika wapansi. Ndi makilomita pafupifupi 15 ulendo umodzi, makona 20. Mukabwerako miyendo ikumvera, Mulanje sadzakudzidzimutsani. Milungu iwiri yomaliza chepetsani zonse, thupi lipume.

Za nsapato musawononge ndalama. Pa kaunjika zimapezeka zabwino. Itembenuzeni muyang'ane kunsi: ikhale ndi mano akuya, osati yosalala ya pa tara. Mukaivala, pakati pa chala chachikulu ndi kutsogolo kwa nsapato pazikwana chala cha m'manja. Gulani panopa kuti izolowere phazi lanu, ndipo wengani zikhadabo masiku angapo mpikisano usanachitike. Vaselini pakani pakati pa zala ndi m'ntchafu.

Nyamulani madzi anu, kapaketi ka Thanzi ORS, nthochi, mtedza, kapena mbatata yophika yothira kamchere. Idyani pang'ono mphindi 40 zilizonse njala isanakupezeni, chifukwa ikakupezani pakati pa Chambe ndi Lichenya palibe okala. Zonsezi muziyesere pa maulendo a Loweruka, m'mimba musadzakudabwitseni tsikulo. Kajekete kopepuka kakhale m'chiuno. Julayi ndi nyengo ya chiperoni, nkhungu ikhoza kukuta phiri nthawi yochepa, ndipo munthu wonyowa ndi thukuta amazizidwa msanga akaima, ngakhale ife ozolowera chisanu cha kuno.

Pali ziwiri zimene sindinyengerera. Ngati muli ndi BP, shuga, kapena munamvapo kupweteka pachifuwa pothamanga, kaonaneni kaye ndi adokotala. Ndipo malungo akakugwirani kutatsala milungu yochepa, chaka chino chikupiteni. Kuphiri kulibe kabaza woti akakutengeni, odzakunyamulani ndi anthu anzanu pa mapewa.

Kuchoka kuno kukafika ku Mulanje ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, kudzera ku Blantyre, ndipo miyendo imafika itatupa. Nyamukani kutatsala masiku awiri kuti mukagone bwino ndi kuyendako pang'ono. Likamalira likhweru loyambira, gulu lonse lidzathamanga ngati lawona njuchi. Asiyeni apite. Ambiri mukawapeza atakhala pa miyala ola lisanathe.

Loweruka likubwerali sankhani chitunda chimodzi ku Masasa, mukwere katatu mukuyenda, mutsike katatu mukuthamanga pang'onopang'ono. Lolemba mundilembere kuti ntchafu zikuti bwanji, tidzaone powonjezera.