Chiwongola dzanja chochepa, mphatso yake ambulera

FUNSO: Alangizi, ine mtima ukuwawa. Ndakhala ndikusunga ndalama ku banki imodzi kuyambira ndili mtsikana, malipiro amadzera konko, ndalama za geni yanga ya kaunjika konkonso. Mu akaunti ya sevingi muli K2 miliyoni koma chiwongola dzanja akuti 4 peresenti pachaka, ndiye achotsenso machaji a mwezi ndi mwezi, a kadi, a mameseji. Mu Disembala anandiitana kuti kuli mphatso ya makasitomala okhulupirika, ndinakwera minibasi mpaka mtauni, kufika kuja andipatsa ambulera ndi kalendala basi. Pomwe otsegula akaunti lero akulowa mmipikisano yowina galimoto. Kodi ndichokeko?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, kudandaula kwanu nkomveka, koma za ambulera zisiyeni kaye, pomwe mukuluza kwambiri ndi pa 4 peresentiyo. Pa K2 miliyoni ndi K80,000 pachaka, ndipo pamenepo boma limadulaponso msonkho, machaji aja nkudyaponso. Tsono mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera cha mma 30 peresenti pachaka, kutanthauza katundu amene mukanagula ndi K2 miliyoni mu Januwale pofika Disembala amafuna cha mma K2.6 miliyoni. Onjezanipo kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inu ogula mabelo mukudziwa bwino mmene mtengo unalumphira. Nambala pa sitetimenti ikukwera pang'ono koma mphamvu ya ndalamayo ikutha.

Chimene chimandipweteka ine nchakuti banki imatenga ndalama zanu zomwezo nkubwereketsa anthu kapena boma pa chiwongola dzanja choposa 20 peresenti. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika mlingo wake wa chiwongola dzanja, umene mabanki amatsatira, pa 26 peresenti. Ndiye kusiyana konseko kumatsala kwa iwo, inu nkumapatsidwa kalendala. Mipikisano ija ndi yokopera ndalama zatsopano, a banki amadziwa kuti kasitomala wakale sasuntha.

Musatseke akaunti mwaukali ayi. Siyanimo zochepa zogwiritsa ntchito ndi za mwadzidzidzi monga matenda. Zotsalazo pitani mukaonane ndi manejala, osati wa pa kauntala, mufunse fikisidi dipoziti, uku nkutsekera ndalama ku banki osazitapa, ya miyezi 3, 6 kapena 12 ndipo akulembereni papepala kuti mudzalandira zingati akachotsa msonkho. Reti ya chiwongola dzanja chake amakambirana, makamaka mukawaonetsa zomwe banki ina yakulonjezani, ndiye yendani mabanki awiri atatu kaye. Funsaninso za ma treasury bill, uku nkubwereketsa boma kwa masiku 91, 182 kapena 364, amagulidwa kudzera ku banki komweko ndipo amapereka zambiri kuposa sevingi, kungoti ambiri sauzidwa. SACCO yolembetsedwa, bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama, nayonso njabwino. Banki mkhonde imapindulitsa inde koma palibe woti mukamudandaulire wina akathawa ndi thumba, musaikeko zonse.

Ndipo wina akakuuzani kuti ndalama zanu ziwirikiza pamwezi umodzi thawani, ameneyo ndi wakuba. Machaji amene simukuwamvetsa afunseni akufotokozereni limodzi limodzi, akakana lembani kalata ya dandaulo ku banki konko, zikakanika kaisiyeni ku Reserve Bank, ali ndi nthambi yoona madandaulo a makasitomala.