Durban July: kodi ndi za mahatchi kapena ndi za zovala?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe amasoka zovala ku Durban, akuti chaka chilichonse ikangofika June makasitomala amawapanikiza ndi madiresi a "July", mpikisano waukulu wa mahatchi wa ku Durban konko, koma iwowo sanaonepo ngakhale hatchi imodzi ya mpikisanowo. Funso lawo ndi loti: kodi July ameneyu anayamba bwanji, ndipo bwanji anthu amati hatchi yothamanga kwambiri siyomwe imawina nthawi zonse?

Achemwali, funso lachiwirilo ndi lomwe lili ndi nkhani yonse, koma tiyambe kaye ndi loyambalo.

Mpikisano umenewu unayamba mu July 1897 pa bwalo la Greyville, lomwe lija lili mkati mwenimweni mwa tauni ya Durban, lili ndi bwalo la gofu pakati pake. Nthawi imeneyo unkatchedwa Durban Turf Club Handicap, mtunda wake unali mamita 1600 basi, ndipo hatchi yoyamba kuwina inali Campanajo, yomwe inabweranso chaka chotsatira nkudzawinanso. Mtundawo anakhala akuusinthasintha, mu 1941 unafika mamita 2100, kenako mu 1970 anauika pa mamita 2200 pomwe uli mpaka lero. Tsiku lake ndi Loweruka loyamba la July. Mu 2020 nthawi ya Covid anausuntha mpaka kumapeto kwa mweziwo, ndipo mahatchi anathamanga pabwalo popanda khamu la anthu oonera, inawina ndi Belgarion.

Mahatchi ake si awa mumawaona akukoka ngolo ayi. Ndi mtundu wa Thoroughbred, womwe anaupanga ku England zaka za m'ma 1700, ndipo mukatsata mbali ya bambo, onse amakathera kwa mahatchi amphongo atatu okha: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Hatchi iliyonse mayi ake ndi bambo ake amalembedwa m'buku, yopanda mapepala siyithamanga nawo.

Tsopano nkhani ya makilo. July ndi mpikisano umene amautcha handicap, kutanthauza kuti mahatchi sanyamula katundu wofanana. Pali anthu omwe ntchito yawo ndi kuona momwe hatchi iliyonse yakhala ikuthamangira, ndiye yomwe yakhala ikuwinawina amayipatsa makilo ambiri, yocheperako mphamvu makilo ochepa. Makilowo ndi kulemera kwa jockey, yemwe amakwera hatchiyo, kuphatikiza chishalo, ndipo akapepuka amamuonjezera timapale ta mtovu m'nsalu ya pansi pa chishalo. Asanakwere amamuyeza pa sikelo, akamaliza amamuyezanso. Zili ngati mutathamangitsa anyamata awiri pa njinga za kabaza, wamphamvuyo nkumumangirira thumba la chimanga kumbuyo. Cholinga chake nchoti onse akafike pamzere pafupifupi nthawi imodzi, kuti obetcha asadziwiretu wowina. Inde, kubetcha ndiye mwini wake wa masewerawa, tisanamizane, mphoto ndi malipiro ambiri amachokera ku ndalama za obetcha.

Palinso kanthu kena. Ku Joni hatchi iliyonse imaonjezera chaka pa 1 August, zilibe kanthu inabadwa liti. Ndiye hatchi ya zaka zitatu ikamathamanga mu July imakhala yatsala milungu yochepa kuti ikwanitse zinayi, yakhwima kale, koma imanyamulabe makilo ochepa poyerekeza ndi zikuluzikulu. Nchifukwa chake a zaka zitatu amawina kawirikawiri, ndipo ophunzitsa mahatchi ochenjera amadziwa kuisunga hatchi yawo kuti oika makilo asaione mphamvu zake zonse msanga.

Mukamvetsa zimenezi ndiye mumvetsanso chifukwa chake agogo a ku Durban mpaka pano akamva dzina loti Sea Cottage amapukusa mutu. Hatchi imeneyi ankaiphunzitsa ndi Syd Laird, bambo yemwe anawina July maulendo 7. Mu 1966 aliyense ankadziwa kuti Sea Cottage ndiyo iwine, ndipo anthu anali atabetcha ndalama zankhaninkhani, moti olandira mabetiwo akanalira ikanawina. Kutatsala milungu itatu, m'mawa wina mahatchi akupita kokachita masewera cha ku Blue Lagoon, kugombe kuja, munthu anabisala nkuiwombera ndi mfuti kuthako. Tangoganizani, kuwombera hatchi chifukwa cha juga. Chipolopolo sanachichotse, chinakhala m'thupi momwemo, koma hatchiyo inachira mwachangu mpaka inathamanga nawo July yemweyo nkumaliza ya nambala 4. Inawina ndi Java Head, ya m'khola lomwelo la Laird. Wowomberayo, Johnny Nel, anagwidwa ndipo anagamulidwa zaka 6 kundende.

Chaka chotsatira, 1967, Sea Cottage inabweranso, ndipo apa ndi pomwe pali yankho la funso lanu. Inasenzetsedwa makilo pafupifupi 12 kuposa kahatchi kena kotchedwa Jollify. Makilo 12 pa mamita opitirira 2000 si zocheza. Jollify inali patsogolo, Sea Cottage inachokera kumbuyo nkuipeza pamzere penipeni, oweruza atayang'ana chithunzi analephera kusiyanitsa ndipo anati zawina zonse ziwiri. Pa pepala ndi zofanana, koma palibe munthu wodziwa mahatchi angakuuzeni kuti Jollify inali saizi ya Sea Cottage, yomwe pa mipikisano 24 ya moyo wake inawina 20. Zoterezi zinadzachitikanso mu 2008, Pocket Power ndi Dancer's Daughter zinagawana chikho, ndipo apanso Pocket Power ndi yomwe inanyamula katundu wolemera.

Ine kwanga ndimaona kuti July si muyeso wabwino wa hatchi yoposa zonse, ndipo ena andikwiyira koma ndi momwemo. Mahatchi amakhala 18 pa bwalo lokhotakhota, njira yowongoka yomalizira ndi yaifupi, ukapanikizidwa pakona basi zako zada ngakhale hatchi yako ikhale ya mphamvu chotani. Mu 2014 Wylie Hall ndi yomwe inayamba kudutsa pamzere, koma panabwera dandaulo loti inatchinga inzake, akuluakulu atakhala pansi nkuonera kanema anapereka chikho kwa Legislate. Anthu omwe anabetcha Wylie Hall mpaka lero nkhaniyo simaithera. Nchifukwa chake hatchi ikawina kawiri motsatizana imalemekezedwa kwambiri, poti ukawina kamodzi chaka chotsatira amakuonjezera makilo. El Picha inachita zimenezo mu 1999 ndi 2000, kenako Do It Again mu 2018 ndi 2019, ulendo wachiwiriwo itanyamula makilo 60.

Mahatchi ena a July anakatchuka mpaka kunja. London News itawina mu 1996 inakawinanso ku Hong Kong mu 1997, dziko litangotseguka kumene tsankho litatha. Ipi Tombe, yaikazi yobadwira ku Zimbabwe, inawina mu 2002 ili m'manja mwa wophunzitsa mahatchi Mike de Kock kenako nkukagonjetsa amphongo ku Dubai. Abale athu a ku Harare imeneyi amainyadira kwabasi.

Koma mbiri ya July siyokoma yokhayokha. Kwa zaka zambirimbiri anali masewera a azungu, anthu akuda ntchito yawo inali yosesa m'makola, kusambitsa mahatchi ndi kuwadzutsira mbandakucha, ntchito yomwe mpaka pano ndi yomwe imagwira masewerawa koma malipiro ake ndi ochepa. Zinatenga zaka 116 kuti jockey wakuda awine: S'manga Khumalo, mnyamata wa ku KwaMashu komweko, mu 2013 atakwera Heavy Metal. Anadzawinanso mu 2022 pa Sparkling Water. Mayi woyamba kuwina ngati wophunzitsa mahatchi anali Candice Bass-Robinson mu 2017 ndi Marinaresco. Onani zaka zimenezo, ndi dzulodzuloli.

Nanga za zovala zomwe zikukusowetsani tulozo? Anthu kuyambira kale ankatchena popita ku mahatchi, ndi chizolowezi chomwe anabwera nacho angerezi, zipewa ndi masuti. Koma chomwe chinakuza zinthu ndi makampani othandiza mpikisanowu. Kuyambira 1963 kampani ya fodya ya Rothmans inaika dzina lake pamenepo, moti achikulire ambiri mpaka lero amangoti Rothmans July, ndipo zinayenda choncho mpaka 2000 pomwe malamulo a dzikolo analetsa kutsatsa malonda a fodya. Kenako inabwera Vodacom kwa zaka pafupifupi 20, ndipo m'nyengo imeneyi ndi pomwe matenti a mapate, oyimba, andale ndi anthu a pa TV anachulukira, chaka chilichonse kumalengezedwa mutu wa fashoni woti osoka atsatire. Kuyambira 2022 dzina ndi la Hollywoodbets, kampani ya kubetcha, ndipo chaka chimenecho mphoto inakwera kufika 5 miliyoni rand. Lero pa anthu masauzande omwe amalowa pa Greyville tsikulo ambiri amabwerera kwawo osaona hatchi, amakhala ali mutenti akuvina mpikisano wa mphindi ziwiri ndi masekondi pang'ono ukudutsa. Ine sindiwaweruza, ndalama zawo zikufika mpaka pa mashini anu.

Ngati mukufuna kuona mahatchiwo ndi maso osalipira mtengo wa tsikulo, dziwani kuti kutatsala sabata ndi masiku pang'ono mahatchi a July amawatulutsa kuti athamange pamaso pa anthu, a ku Durban konko amathamangira pa Greyville m'mawa, anthu amakaona momwe akupumira ndi momwe akuponyera miyendo. Pa tsiku lenilenilo musanayang'ane dzina la hatchi yang'anani kaye makilo omwe yapatsidwa, zaka zake, ndi nambala ya geti yomwe iyambire. Za kubetcha ndiye musamale achemwali, mpikisano wake anaupanga dala kuti ukhale wovuta kulosera, ndalama ya lendi isapite kumeneko.