Chimene chinapambanitsa Stewart pamvula ku Nürburgring mu 1968

Mwafunsa kuti zinatheka bwanji Jackie Stewart kusiya anzake ndi mphindi zoposa 4 pa mpikisano wa magalimoto wa German Grand Prix wa pa 4 Ogasiti 1968, mvula ndi chifunga zili ponseponse. Si mphamvu ya injini ayi: galimoto yake ya Matra MS10 ndi Lotus ya Graham Hill, yemwe anakhala wachiwiri, zonse zinali ndi injini ya mtundu umodzi, Cosworth DFV.

Yambirani pa matayala. Stewart anali ndi a Dunlop a mizere yakuya, pomwe Hill anali pa Firestone. Mizereyo imakankhira madzi kumbali kuti labala igunde phula. Madzi akachuluka kuposa omwe mizere ingachotse, tayala limayandama, chiwongolero chimapepuka ndipo mabuleki sagwiranso. Msewu wa mpikisano wa Nürburgring unali wa makilomita 22.8, wokwera ndi kutsika m'mapiri a Eifel, moti madzi ankayenda modula msewu pamalo osayembekezeka.

Koma chachikulu kwa ine n'chakuti Stewart anayambira pa nambala 6 n'kutsogola asanamalize kuzungulira koyamba. Pamvula wotsogola ndiye amaona njira. Otsatira amayenda mu utsi wa madzi ouluzidwa ndi matayala a mnzawo, choncho amaponda mabuleki msanga poopa kugunda chimene sakuchiona, ndipo mpata umakula ulendo uliwonse mwa maulendo 14 ozungulira msewuwo.

Onjezani kuponda moto pang'onopang'ono potuluka pakona, kuti matayala akumbuyo asazungulire pachabe. Zonsezi Stewart anachita dzanja lili lomanga, atavulala pamfundo ya dzanjalo pa msewu wa mpikisano wa Jarama ku Spain chaka chomwecho. Hill anaterereka chakumapeto, injini n'kuzima, anatsika n'kukankha galimotoyo yekha, komabe anafika patsogolo pa Jochen Rindt, yemwe anakhala wachitatu.