Usiku wa pamalo amodzi sukwanira

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake akatswiri a zakuthambo amachita kugwirizanitsa matelesikopu a m'mayiko ambiri pofuna kuona pulaneti limodzi likudutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake. Chowasokoneza chachikulu ndi dzuwa lathu lomweli.

Tengani pulaneti la HD 80606 b. Limazungulira nyenyezi yake pa masiku 111, ndipo kudutsako kumatenga pafupifupi maola 12. Kukacha pamalo amodzi, ena akumadzulo, kumene kudakali mdima, ayenera kupitiriza. Mitambo ikangophimba malo amodzi, pamatsala mpata, ndipo mudikira miyezi pafupifupi inayi.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ine ndi kulumikiza miyeso ya kuwala yochokera ku matelesikopu osiyanasiyanawo. Kuwala kwa nyenyeziyo kumachepa ndi gawo limodzi lokha pa 100, pomwe telesikopu iliyonse ili ndi kamera yake, mlengalenga mwakenso mosiyana. N'chifukwa chake matelesikopu awiri oyandikana ayenera kuyang'ana limodzi kwa kanthawi, kuti miyeso ifananitsidwe.

Mwachitsanzo, bungwe la Las Cumbres Observatory linaika matelesikopu ofanana ku Chile, Hawaii, Australia ndi ku Sutherland, South Africa, ndipo kompyuta ndiyo imawagawira ntchito.